Za part time ya Chingereziyo taimani kaye mayi

Mayi amene mwalemba m'gulu muno kuti mwana wanu akugwa pa comprehension, mafunso a Chingerezi oyesa ngati munthu wamva ndime imene wawerenga, ndipo mukufuna kumulipirira part time, makalasi apadera a masana aja, taimani kaye musanatulutse ndalamayo. Mwana wa Fomu 3 kumagwa pa comprehension si umbuli ayi, ndipo anthu akukuuzani m'makomenti umu kuti ingomulipirirani basi zitheka, sakudziwa zimene zimachitika m'makalasi a masana amenewo. Ine mtima wangotentha nditawerenga chifukwa mayi anga anachita zomwe mukufuna kuchitazo ndipo chaka changa chathunthu chinapita m'madzi.

Ine Fomu 4 ndinali mu 2015, ku CDSS ina kwathu ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Amene muli a kuno mukukumbuka Januwale wake, Ruo ndi Shire atasefukira nkukumana m'midzi, anthu kugona m'makalasi, ife ophunzira kumangozungulira panja. Timabuku tochepa timene sukulu inali nato tinanyowa, tina anthu anasonkhera moto, ndani angawadzudzule anthu oti ataya chilichonse. Sukulu itayambiranso aphunzitsi athu a Chingerezi anatiuza kuti tatsalira kwambiri, amene akufuna kukhoza abwere masana koma alipire. Mayi anga anagulitsa mbuzi imene inapulumuka pa madziwo, nyumba ilibe ndi chitseko chomwe, akuti bola mwana apeze satifiketi.

Mukudziwa zimene ankatiphunzitsa? Ankabwera ndi ma past paper, osatipatsa kuti tiwerenge ayi, pepala linali limodzi lawolo. Amaima kutsogolo nkumatiwerengera funso kenako yankho, ife tizikopera m'kope, akuti ndime zimenezi zimabwereza lowezani. Njira yawo inali imodzi, amati ndime musamataye nayo nthawi kuiwerenga yonse, onani mawu amene ali mufunso, muwasake mu ndimemo, mukawapeza koperani chiganizo chonsecho mwathana nazo. Miyezi yonse ija palibe tsiku limene bambo ameneyu anatenga kope langa nkulichonga. Palibe. Ukafunsa kuti sir mawu awa akutanthauza chiyani amakuyankha kuti gula dikishonale, munthu woti kwanu mukudya ufa wa chithandizo. Koma akakumva ukuyankhula Chisena pakhonde, apo ndiye mphamvu amakhala nazo, khasu m'manja ukalime kuseri kwa nyumba yawo, nthawi imene bwenzi ukuwerenga.

Tsiku la pepala lija la note making, comprehension ndi summary sindidzaliiwala mpaka kufa. Kunali kachisanu kam'mawa koma ine malaya ananyowa kumsana. Atanena kuti tsegulani, ndinayang'ana ndime ija, yaitali kudutsa tsamba, ndinafufuza ngati ndi imodzi mwa zomwe tinaloweza zija, ayi ndithu yachilendo. Ndinati chabwino ndigwiritsa njira ya aphunzitsi. Funso loyamba ndinasaka mawu ndinawapeza ndinakopera. Lachiwiri chimodzimodzi. Kenako kunabwera loti ndifotokoze "in your own words", mawu angaanga ati poti palibe anandiuzapo kuti ndili ndi mawu anga m'Chingerezi. Lina likufunsa kuti mawu oti "it" mu paragraph yakuti akuimira chiyani, ndikasake chiyani pamenepo, "it" ali paliponse. Lina likufuna khalidwe la munthu wa m'nkhaniyo ndi umboni wake, lina mutu woyenera nkhaniyo, zonsezi zofuna munthu woti wamva nkhani yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinabwerera kuti ndiyambe kuwerenga bwinobwino, koma ine kuwerenga kwanga kunali kwa chala pa liwu lililonse milomo ikugwedera, ndikafika pakati pa paragraph zoyambirira zija zathawa kale m'mutu, ndiyambirenso. Mnzanga wa desiki ya kutsogolo ndinamuona atagoneka mutu pa pepala, mapewa akugwedezeka, akulira mosatulutsa mawu. Oyang'anira mayeso akuyenda pang'onopang'ono nsapato zikulira pa simenti, kenako ndinangomva akulengeza kuti nthawi yatsala pang'ono, summary ndisanaiyambe nkomwe. Bolopeni inkaterera m'manja ndi thukuta. Ndinangotola ziganizo za mu ndime muja nkuzilumikiza, mawu osawerenga kuti akwana angati, ndikudziwa mumtima kuti zimene ndikulembazi ndi zinyalala koma pepala lisapite loyera. Titatuluka palibe amene anayankhula ndi mnzake, aliyense njira yake. Kunyumba mayi anandifunsa kuti zayenda bwanji, ndinalowa m'nyumba osayankha, iwo anangokhala pa mkeka panja mpaka mdima.

Zotsatira zitatuluka, dzuwa lija la kuno loti nthaka imawotcha mapazi, ndinapita kusukulu. Masamu credit, Agriculture credit, Biology credit, Chichewa ndiye osanena. English 9. Amene simukudziwa, 9 ndi kulephera, 7 ndi 8 ndi pass chabe, credit imayambira 6 kukafika 3, 1 ndi 2 ndi distinction. Ndipo ukalephera English satifiketi ya MSCE palibe olo maphunziro ena onse utawakhoza bwanji, ku yunivesite ndiye amafuna ma credit 6 English ili momwemo. Ndinaima pakhonde la ofesi miyendo ilibe mphamvu, aphunzitsi aja anatulukira, anayang'ana pepala, nkunena pamaso pa makolo amene analipo kuti ana a kuno vuto lanu mumaganiza mu Chisena, ine mbali yanga ndinachita. Mbali yake iti? Ndalama za mbuzi ya mayi anga anadya, za anzanga anadya, kalasi yonse ya part time amene anakhoza English anali owerengeka, ndiye mlandu ukhale wa chiyankhulo cha makolo athu? Mxii. Mpaka lero ndikamva kuti munthu ameneyu akadaphunzitsabe ana a eni kwinakwake chakudya sichilowa. Mwana wa kuno amayankhula Chisena kapena Chimang'anja kunyumba, Chichewa pamsika ndi kutchalitchi, Chingerezi ndi chachitatu, mutu woterewu ndi wofooka? Chimene sanapatsidwe ndi chinthu choti awerenge basi. Mwana wa ku Blantyre amadzuka zolembalemba zili ponseponse, wathu kuno amatha teremu yonse buku limodzi akugawana gulu.

Ndinakabwereza ku Nchalo, ndikukhala kwa amalume amene ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Amene anandidzutsa ndi agogo ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi a kutchalitchi kwathu, sanatengeko olo tambala. Iwo amangotola nyuzipepala zakale, The Nation, Daily Times, ngakhale zokulungira zinthu pamsika, nkudula nkhani imodzi, nkundiuza kuti werenga chamumtima osagwedeza milomo, osaima pa mawu ovuta. Ndikamaliza amalanda pepalalo nkuti tandiuza m'Chichewa zimene wamva, kaya mu Chisena iwo analibe nazo vuto. Ndikafotokoza bwino amandibwezera kuti tsopano lemba zomwezo m'Chingerezi chako ziganizo zitatu, chophweka chomwecho. Kenako amatenga bolopeni nkuzunguliza timawu ngati "he", "they", "this", "however", nkumandifunsa kuti ameneyu ndi ndani, apa nkhani yakhotera kuti. Mawu achilendo samalola kuti ndithamangire dikishonale, amati yang'ana chiganizo cha kumbuyo ndi cha kutsogolo uganize wekha kaye, chifukwa m'chipinda cha mayeso dikishonale mulibe. Poyamba zinkandipweteka mutu koma miyezi itapita ndinaona kuti tsamba lathunthu ndikulimaliza nkhani ili m'mutu. Chaka chotsatiracho English ndinapeza credit.

Ndiye mwana wanuyo poti ali Fomu 3 nthawi ilipo, musachite mantha. Chimene akusowa ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku olo mphindi 20, chilichonse cha Chingerezi, nyuzipepala, mabuku a literature a kusukulu, Baibulo la Chingerezi ngati lilipo poti nkhani zake amazidziwa kale m'Chichewa ndiye sasochera. Inuyo olo Chingerezi simuchidziwa mutha kumuthandiza, akawerenga azikuuzani m'chiyankhulo chathu kuti nkhaniyo ikuti chiyani, mukaona akuzungulirazungulira dziwani kuti sanamve abwerezenso. Kuwerenga kuli ngati kupalasa bwato pa Shire, sungaphunzire utakhala pamtunda wina akukufotokozera. Poyankha mafunso awerenge ndime yonse kaye, kenako mafunso, kenako ndime kachiwiri. Aziona mamalikisi a funso, la malikisi awiri nthawi zambiri likufuna mfundo ziwiri kapena mfundo ndi chifukwa chake. Funso likakhala la zinthu zakale yankho likhalenso mu past tense. Akafunsidwa tanthauzo la mawu apereke limene likugwirizana ndi mmene mawuwo agwirira ntchito mu ndimemo, osati lililonse limene akulidziwa. Summary asapyole chiwerengero cha mawu chimene auzidwa, asiye zitsanzo atenge mfundo zokhazokha.

Ma past paper a MANEB mugulireni ndithu, ambiri, olo a photocopy, chifukwa mafunso ake kafunsidwe kamafanana chaka ndi chaka ndipo mwana akazolowera sanjenjemera. Inde ndanena kuti ndi amene anandipweteka ine, koma ife pepala sitinkaligwira m'manja. Iye aligwire yekha, wotchi ili pambali, mayankho atabisidwa. Ndipo timawu tina aloweze basi palibe kuchitira mwina, akhale ndi kakope kolembamo mawu atsopano aziwabwereza madzulo. Foni ngati muli nayo ya intaneti muzimubwereka awerengepo nkhani, koma mukhale pafupi, apo ayi bandulo ithera TikTok. Ndipo wina asadzakunamizeni za likasa akafika Fomu 4, mukukumbuka 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa cha kubedwa, ana osalakwa nkukalembanso mu Januwale 2021.

Part time yo sindikuti ndi yoipa yonse, kunena zoona popanda munthu womuchongera mwana sangadziwe pamene akulakwitsa, ndipo mutapeza mphunzitsi ngati agogo anga aja lipirani olo itapita mbuzi, olo thumba la mapira. Koma musapereke ndalama ya teremu yonse kamodzi. Lipirani mwezi umodzi, pitani nokha tsiku lina mukaime pawindo muone ngati ana ali ndi pepala m'manja akuwerenga kapena akungokopera za pa bolodi, muwerengenso kuti m'kalasimo alimo angati chifukwa ana odzaza kalasi munthu mmodzi sangawachongere. Mwezi ukatha itanitsani kope, mukapeza mulibe inki yofiira mutulutseni tsiku lomwelo ndipo mubwere mutiuze m'gulu muno kuti makolo ena a dera lanulo asaponyeko ndalama zawo.