Kuseri kwa nsanja zagalasi za ku China kuli khoma la njerwa zotola

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina, mmisiri womanga nyumba ku Lilongwe. Akuti anagwirako ntchito kwa kontilakitala wa ku China, ndipo masiku ano foni yawo yangodzaza mavidiyo a mizinda ya Shanghai, Shenzhen ndi Chongqing. Funso lawo ndi ili: "Kodi nyumba zitalizitali zonyezimira timaziona pa Facebook zija ndiwo mamangidwe enieni a ku China? Mapulani ake amajambula ndani? Nanga bwanji sizifanana ndi nyumba zawo zakale za madenga opindika? Ife ogwira njerwa ndi matope tingatolepo kanthu?"

Zikomo bambo. Mwagunda nkhani imene ndimaikonda, ndiye mundilole nditambasule.

Ndiyambe ndi nsanja zakukopanizo. Zambiri mwa zotchuka mapulani ake anachokera kunja. Shanghai Tower, yotalika mamita 632 ndi nsanjika 128, imene inatha mu 2015, inajambulidwa ndi kampani ya ku America ya Gensler. Likulu la wailesi ya kanema ya CCTV ku Beijing, lija looneka ngati miyendo iwiri yotsamirana yogwirana m'mwamba, ndi ntchito ya Rem Koolhaas wa ku Netherlands ndi Ole Scheeren wa ku Germany, ndipo anthu a mumzindamo analitcha "kabudula wamkulu". Bwalo la masewera a Olimpiki a 2008, lodziwika kuti Chisa cha Mbalame, linajambulidwa ndi Herzog ndi de Meuron a ku Switzerland. Nyumba ya zisudzo yonga dzira pafupi ndi bwalo la Tiananmen ku Beijing ndi ya Paul Andreu wa ku France. Malamulo a kumeneko amafuna kuti kampani yakunja igwirizane ndi bungwe la m'dzikomo lojambula mapulani, choncho eni dziko ankagwira nawo ntchitoyo, koma maonekedwe anali a alendo.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Mu 2001 Beijing inapatsidwa mwayi wochititsa Olimpiki, ndipo chaka chomwecho China inalowa m'bungwe loona zamalonda pa dziko lonse la World Trade Organization. Akuluakulu a mizinda ankapikisana kuti dziko lapansi liwaone, ndipo ankakhulupirira kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sindikuzinyoza nsanjazi ayi. Shanghai Tower inapotokola thupi lake madigiri 120 kuchoka pansi kufika pamwamba kuti mphepo ya namondwe izilambalala m'malo moiwomba pachifuwa, ndipo kupotokolako kunachepetsa mphamvu ya mphepo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zitsulo zambiri zinapulumuka pamenepo. Nzeru ilipo. Kungoti nsanja yotere mukhoza kuizula n'kukaidzala ku Dubai, palibe angadabwe.

Boma lenilenilo linafika potopa nazo. Mu Okutobala 2014 mtsogoleri wa dzikolo Xi Jinping ananena kuti nyumba za maonekedwe odabwitsa zichepe. Mu 2016 kunatuluka chikalata choti nyumba zizikhala zoyenerera ntchito yake, zosawononga ndalama, zosamala chilengedwe ndi zokoma m'maso. Mu 2020 analetsa kumanga zopitirira mamita 500 ndiponso kukopera nyumba za kumaiko ena, ndipo mu 2021 mizinda ya anthu osakwana mamiliyoni atatu inauzidwa kuti isapitirire mamita 250. Ku Tianjin nsanja ya Goldin Finance 117, ya mamita pafupifupi 597, inaima zaka zambiri yosamaliza ndalama zitatha.

Koma mavidiyo aja amakuonetsani kachidutswa. Munthu wamba wa ku China sakhala mu nsanja yagalasi. Mu 1978 anthu okhala m'tauni sankakwana 20 pa 100 alionse. Pofika 2011 anapitirira theka, ndipo kalembera wa 2020 anapeza pafupifupi 64 pa 100. Anthu mazanamazana a mamiliyoni anasamuka kumudzi pa moyo wa m'badwo umodzi, ndipo onsewo ankafuna pogona. Simenti imene dzikolo linagwiritsa ntchito kuyambira 2011 mpaka 2013 inaposa imene America inagwiritsa m'zaka zonse za m'ma 1900. Mmisiri ngati inu, amene mumadziwa mtengo wa thumba limodzi, mukhoza kuimva nambala imeneyi kuposa ine.

Simenti yambiri inathera m'midadada ya mafulati ofananafanana, oima pamzere m'kati mwa mpanda wokhala ndi mlonda pageti. Ndipo kufananako kuli ndi zifukwa zake. Malo a m'tauni ndi a boma. Khonsolo imagulitsa chilolezo choti kampani imangepo nyumba zogona kwa zaka 70, ndipo kwa nthawi yaitali ndalama zimenezi ndizo zinkayendetsa mizinda. Mu 1998 mabungwe a boma anasiya kugawira antchito awo nyumba, aliyense n'kuyamba kugula yake. Kampani yogula malo pamtengo wokwera imaunjika nsanjika kuti ibweze ndalama. Komanso pali lamulo la dzuwa: m'mizinda ikuluikulu ya kumpoto nyumba iyenera kuwalidwa dzuwa osachepera maola awiri pa tsiku la pakatikati pa nyengo yozizira. N'chifukwa chake midadada imayang'ana kum'mwera ndipo imatalikirana mofanana ngati mizere ya chimanga. Wojambula pulani amakhala kuti manja ake amangidwa kale asanagwire pensulo.

Kuti midadada imeneyi imere, china chinayenera kugwa. Pa makoma a nyumba zakale ankalembapo ndi penti chilembo chimodzi chozunguliridwa ndi bwalo, chowerengedwa kuti chai, kutanthauza "gumula". Tinjira takale ta ku Beijing totchedwa hutong, ndi nyumba zake zozungulira bwalo, tambiri tinapita choncho. Midzi ya m'mphepete mwa mizinda inamezedwa. Ku Shenzhen midzi ina inakana kufa: eni ake anamanga tinsanjika tochititsa lendi tothinana kwambiri moti woyandikana nanu mungampatse moni wa dzanja pawindo, ndipo m'menemo ndimo obwera kumene kudzasaka ganyu ankapeza chipinda chotchipa.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale tcheru, bambo, chifukwa yankho la funso lanu lomaliza lili m'zogumulidwazo.

Kuli munthu wina dzina lake Wang Shu, wobadwa mu 1963. Atamaliza maphunziro a zojambula mapulani, anzake akuthamangira ntchito zikuluzikulu, iye anatha zaka zambiri za m'ma 1990 ali pa malo omanga pamodzi ndi amisiri, kuona momwe njerwa imakhalira pa inzake, momwe thabwa limalowera m'linzake. Mu 1997 iye ndi mkazi wake Lu Wenyu anatsegula ofesi ku Hangzhou n'kuitcha Amateur Architecture Studio, dzina losonyeza kuti iwo akudziyesa ophunzira chabe pamaso pa amisiri a m'midzi. Ntchito yawo imene ndimabwererako kawirikawiri ndi nyumba yosungiramo mbiri ya mzinda wa Ningbo, yotsegulidwa mu 2008. Inamangidwa m'dera la Yinzhou, pamene midzi yambirimbiri inali itangosalazidwa kuti pakhale maofesi atsopano. Wang ndi Lu anatolera njerwa ndi matailosi a denga a m'midzi yogumulidwa ya m'chigawocho n'kuzisandutsa khungu la nyumba yatsopanoyo.

Luso lake si lawo. Limatchedwa wapan, ndipo ndi la anthu osauka a m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Zhejiang. Namondwe akagwetsa nyumba, banja linalibe ndalama yogulira zatsopano, ndiye linkasanja chilichonse chotsala: theka la njerwa, phale, tailosi losweka, mwala, mizere yopyapyala yosiyana kukula ndi mtundu, mpaka khoma liime mvula isanabwerenso. Luso limeneli linali likutha, ndipo amisiri ena anachita kuliphunziranso. Vuto linali loti khoma lotere silingakwere patali lokha, pamene nyumbayi ndi ya mamita 24. Anathana nalo pomanga khoma la konkire m'kati lonyamula katundu yense, n'kutulutsa timashelefu ta konkire tobisika pa mamita atatu alionse toti njerwa zakalezo zikhalepo. Mbali zina anasiya konkire poyera, koma m'malo mwa matabwa osalala anaumbira pa nsungwi, moti mfundo ndi mizere ya nsungwizo zinadindika pakhoma.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti wojambula sanathe kulamula njerwa iliyonse. Amisiri ali pamwamba ankasankha okha kuti apa pakhale yofiira, apa yotuwa, apa tailosi. Khomalo lili ndi dzanja la munthu aliyense amene analigwira. Ndipo anthu amene midzi yawo inafafanizidwa amatha kupita kukaima pafupi n'kuona mtundu wa njerwa za kwawo. Ku sukulu ya zaluso ya China Academy of Art ku Xiangshan, banja lomweli linafolera madenga ndi matailosi akale oposa mamiliyoni awiri. Mu 2012 Wang Shu analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula nyumba, ndipo anali nzika yoyamba ya China kuilandira. Lu Wenyu sanatchulidwe pa mphotoyo, chinthu chimene mwamuna wake yemwe ananena kuti sichinali chilungamo, ndipo ine ndikuvomerezana naye.

Nzika yachiwiri ya China kulandira mphotoyo ndi Liu Jiakun wa ku Chengdu, mu 2025. Pa 12 Meyi 2008 chivomezi cha ku Wenchuan m'chigawo cha Sichuan chinapha anthu pafupifupi 69,000, ena ambiri osapezeka. Midzi inasanduka milu ya zogumuka, ndipo zipangizo zomangira zinasowa. Liu anatenga zogumukazo, n'kuzithira mankhwala ophera tizilombo, n'kuziphwanya, n'kusakaniza ndi mapesi a tirigu oduladula ndi simenti pang'ono, kenako kuzipsinja m'chikombole ndi makina osavuta oti anthu a m'mudzi angayendetse okha. Zosawotcha, zosafuna nkhuni. Anazitcha njerwa zobadwanso. Poyamba zinali zothandizira ovutika, koma pambuyo pake anazigwiritsa ntchito pa nyumba zake za m'tauni, osazibisa ndi pulasitala. Anamanganso kanyumba kakang'ono kokumbukira mtsikana wa zaka 15 amene anafera m'chivomezicho, kooneka ngati tenti ya othawa ngozi, m'kati muli chikwama chake cha kusukulu ndi tinthu take. Mwana wamba, wosatchuka, koma anam'mangira.

Ntchito yake yaikulu ndi West Village ku Chengdu, ya mu 2015. M'malo mokweza nsanja pakati pa poloti, iye anazunguliza nyumba ya nsanjika zisanu m'mphepete, pakati n'kusiya bwalo lalikulu la nsungwi, mabwalo a mpira ndi pokhala anthu akumwa tiyi. Mbali imodzi anaisiya ya njira zokwera pang'onopang'ono mpaka padenga, zoyendamo wapansi ndi wanjinga. Mukafunsa kuti chikhalidwe cha ku China chili pati pamenepa, poti denga lopindika palibe, ndinganene kuti chili pa bwalolo. Nyumba yakale ya kumeneko inkatembenukira m'kati, moyo wonse uli pabwalo la pakati. Liu anatenga mtima umenewo n'kuukulitsa kuti ukwanire dera lonse. Denga lopindika loikidwa pamwamba pa ofesi ya konkire, monga zinkachitikira ku Beijing m'ma 1990, ndi chipewa chabe.

Alipo enanso. Xu Tiantian anamanga tinyumba ting'onoting'ono m'midzi ya ku Songyang, monga fakitale ya shuga wofiira ndi ya tofu (chakudya chopangidwa ndi soya), kuti ntchito za m'mudzi zikhale ndi pogwirira polemekezeka. Yu Kongjian analimbikitsa zoti mzinda uzimwa madzi a mvula ngati siponji kudzera m'madambo ndi m'mapaki m'malo mowathamangitsa m'ngalande za konkire, ndipo boma linayamba kuyesa njirayi mu 2015.

Nanga nyumba zimene makampani a ku China anatimangira kuno, ya Malamulo ku Lilongwe ya mu 2010, BICC, bwalo la Bingu, sukulu ya MUST ku Thyolo? Zimenezi ndi za mtundu wa midadada ija: mapulani a mabungwe akuluakulu, omangidwa mwachangu ndi mwadongosolo. Mwa iwo mwina munaphunzirapo kusunga nthawi ndi kuyeza molondola, ndipo zimenezo n'zofunika. Koma musayese kuti mwaona zonse za dziko lija.

Chimene ndingakupempheni ndi ichi. Sakani zithunzi za khoma la ku Ningbo, zoyandikira osati za patali, muone momwe anasanjira matailosi atatu kapena anayi kuti afanane msinkhu ndi njerwa imodzi, ndi pamene mzere umaduka pa shelefu ya konkire. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera kunatsala milu ya njerwa zosweka, ndipo pa malo alionse amene mukumanga pamatsala mahafu amene amathera kukwirira maenje a mumsewu. Yambani ndi mpanda kapena khoma la khitchini losanyamula denga lolemera. Maziko ndi mizati zikhale zolimba monga mwa nthawi zonse, zidutswazo zikhale zodzazira pakati, ndipo mwini nyumba mumuuze asanalipire kuti khoma limenelo simudzalipaka pulasitala. Mukamanga, munditumizire chithunzi pa imelo yomweyi.