Salmon ya mtedza pamwamba ndi yosavuta, koma samalani kumene mukugula nsombayo

Asisi, mwafunsa za kuphikira alendo anu nsomba ya salmon ya mtedza pamwamba. Phikani ndithu, alendo anuwo adzadya bwino, ndipo zidutswa wamba mu uvuni sizipitirira mphindi 15. Koma chonde chonde, nsombayo muione bwino ndipo muinunkhize musanapereke ndalama. Ine ndikungowerenga funso lanu lija mtima wayambanso kuwawa chifukwa cha zomwe anandichita bambo wina wogulitsa nsomba kuno ku Manchester.

Apongozi anga anali atangofika kumene kuchokera ku Mchinji, ulendo wawo woyamba kuno, ndipo alamu anga anabwera Loweruka madzulo kudzawaona. Amayiwo anatinyamulira mtedza wa Chalimbana wa m'munda mwawo, wokazinga okha kumudzi, atamanga bwinobwino m'jumbo ziwiri kuti usalowe mphepo. Ndiye ine ndinati ndiwasangalatse, adye mtedza wawo womwewo koma uli pa nsomba yomwe sanailawepo. Ndinapita ku shopu ya nsomba m'mawa, ndinagula mbali yathunthu ya salmon, ndalama zambiri ndithu, za ndiwo za sabata yonse. Ndinamufunsa bamboyo maso ndi maso kuti kodi ndi ya lero? Iye akuti yafika m'mawa womwewo kuchokera ku Scotland. Anaitenga pansi pa zinzake, anaikulunga msangamsanga m'pepala, kenako m'pulasitiki, n'kundipatsa. Inali yozizira kwambiri chifukwa cha ayisi, ndipo nsomba ikazizira choncho fungo lake limabisala.

Madzulo ndinasinja mtedza uja pang'onopang'ono, apongozi atakhala pampando m'khitchini akundiyang'ana, akuseka kuti mtedza wa ku Mchinji lero ukumana ndi nsomba ya azungu. Ndinapaka mustard ndi uchi, ndinawaza mtedza, zinkaoneka bwino zedi. Mpunga wapsa, masamba apsa, tebulo layalidwa. Zitangotha mphindi zochepa mu uvuni, fungo linayamba. Silinali fungo la nsomba wamba ayi, linali lowawasa, lolasa m'mphuno, loti ukalimva malovu amadzaza m'kamwa ngati usanza. Nditatsegula uvuni ndinapeza thireyi yadzaza madzi otuwa, nsomba ikusambira m'menemo, mtedza wonse watsetsereka m'mbali wasanduka phala. Ndinagwira ndi foloko, mnofu ukungophwanyika wokha, wotepatepa. Fungo linalowa pabalaza, m'makatani, m'majekete a alendo omwe anali pakhomo. Kunali mu December, kunja kukuzizira koopsa, koma tinatsegula mawindo onse. Apongozi anafunda chitenje pamwamba pa juzi, akunjenjemera, osalankhula. Mlamu wanga wamkulu anafunsa kuti, "Alamu, kodi nsomba za kuno zimanunkha chonchi nthawi zonse?" Ine pakamwa panauma.

Chomwe chinandiliza ndi amayiwo. Anadzuka, anabwera pafupi ndi thireyi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mtedza uja wathera pamenepa?" Sanakalipe. Anangotenga supuni n'kuyamba kuyesa kupala mtedza wa pamwamba kuti mwina upulumukeko, ine n'kuwagwira dzanja kuti amayi, sungadyeke umenewu. Munthu walima yekha, wakumba, wathyola, waumitsa, wasenda, wakazinga, wanyamula ulendo wonsewo pa ndege, kuti uthere m'bini chifukwa cha bodza la munthu mmodzi. Tinadya cha m'ma 9 koloko usiku, mpunga wozizira ndi mazira a tomato, mwana wamng'ono atagona kale ndi njala.

Lolemba ndinabwerera ku shopu kuja ndi lisiti komanso chithunzi cha thireyi ija. Bamboyo sanafune n'komwe kuyang'ana. Akuti ndinaisunga molakwika, akuti uvuni wanga ndi woipa, akuti mwina sindidziwa kuphika salmon. Ankalankhula mokweza, mawu amodziamodzi, ngati ndine munthu wosamva Chingerezi, makasitomala ena akumvetsera. Ine amene ndakula ndikupala chambo, ndikudziwa kusiyanitsa usipa wa lero ndi wa dzulo ndi maso okha, andiuze kuti sindidziwa nsomba yoonongeka? Ndikutuluka, mnyamata wina wogwira ntchito momwemo ananditsatira panja n'kundinong'oneza kuti nsomba ija inali youmitsidwa mu fiziza, anaisungunula, ndipo inakhala pa ayisi masiku angapo osagulidwa. Lamulo la kuno limanena kuti nsomba yomwe inaumitsidwa kenako n'kusungunulidwa ilembedwe poyera kuti wogula adziwe. Panalibe chikwangwani chilichonse. Ndalama sanabweze, ndipo kupepesa n'komwe ayi. Munthu wotere alibe chisoni, amangoona nkhope n'kuganiza kuti uyu sabweranso kudzadandaula. Sindinapondenso pa shopu imeneyo ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti asapiteko.

Ndiye mukamagula, musachite manyazi. Auzeni akuonetseni chidutswa chomwe mukufunacho, osati chomwe asankhe okha pansi. Mnofu ukhale wowala, wolimba, mukaudina ubwerere, usakhale ndi mipata yong'ambika kapena m'mbali motuwa. Salmon yabwino siinunkha kwenikweni. Funsaninso ngati inaumitsidwapo. Yambiri yomwe timagula kuno ndi yoweta m'nyanja ku Scotland ndi ku Norway, ndiye kungomva kuti ya ku Scotland sikutanthauza kuti ndi ya lero.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Pa zidutswa 4 ine ndimasakaniza masupuni 2 a mustard ndi supuni 1 ya uchi, n'kufinyiramo ndimu pang'ono. Zimenezi ndi zomwe zimamata mtedza pa nsomba, musazidumphe. Mbale ina muike theka la kapu ya mtedza wosinja, nyenyeswa za buledi wouma zodzaza dzanja limodzi, supuni 1 ya mafuta kapena batala wosungunula, adyo, tsabola ndi kamchere. Mtedza ngati ndi wothira kale mchere musaonjezerenso wina. Apa mumvetsetse: musagwiritse nsinjiro zosefa zija zotendera masamba. Zimayamwa mafuta a nsomba n'kukhala chiphala, sizikhukhuta m'kamwa. Sinjani pang'ono chabe, tizidutswa tizioneka. Ngati mulibe mtondo ikani m'jumbo mumenye ndi botolo. Makoko ofiira aja muwapete kaye chifukwa amapserera msanga n'kuwawitsa zonse. Maphikidwe ambiri a kuno amanena pecan, pistachio kapena almond, zonsezo n'zabwino koma zodula. Macadamia ngati uja amalima ku Thyolo amakomanso kwambiri, kungoti ali ndi mafuta ambiri ndiye muchepetse batala. Kwa ine mtedza wathu womwewu palibe choulanda.

Nsombayo muipukute mpaka iume, mbali zonse, ndi pepala la kukhitchini. Yendetsani chala pakati pa mnofu, mumva timinga tating'ono tili mu mzere, tizuleni, makamaka ngati pali ana. Yalani pepala lophikira pa thireyi, khungu la nsomba pansi, pakani mustard uja pamwamba pokha, kenako mtedza, n'kudinikiza ndi chikhatho kuti ugwire. Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 200, kapena 180 ngati ndi wa fani, thireyi pa shelefu ya pakati. Zidutswa wamba zimapsa pa mphindi 12 mpaka 15. Mbali yathunthu imafuna mphindi 20 kapena kupitirirako pang'ono malinga ndi kukhuthala kwake. Mtedza wokazinga kale umafiira msanga, ndiye pakatha mphindi 8 suzumirani, ngati wayamba kuda phimbani ndi foil mongoyala pamwamba, osamata. Musayatse moto wa pamwamba uja wa grill kuti zifulumire, mtedza umapserera kamphindi kochepa ndipo ukapserera basi, kuwawa kwake kumalowa mpaka mu nsomba.

Ife tinazolowera kukazinga nsomba mpaka iume gwa, koma salmon siifuna zimenezo. Mukaona zoyera zoundana zikutuluka zambiri m'mbali mwake, ndiye kuti moto wachuluka kapena yakhalitsa. Sizoopsa, zimadyeka, koma nsomba imakhala itauma. Lowetsani foloko pamalo pokhuthala, mnofu ukamagawanika mosavuta ndipo pakati sipakunyezimira ngati paiwisi, tulutsani. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, pakati pafike madigiri 63. Isiyeni ipume mphindi zingapo musanapakule, finyirani ndimu, idyeni ndi mpunga kapena kachewere wowotcha ndi masamba.

Tsono kunena zoona, masiku ano ine ndimangogula ya mu fiziza ya m'sitolo zazikulu, ija yomatidwa m'pulasitiki. Kununkhiza sikutheka, koma tsiku lalembedwa, dziko lochokera lalembedwa, ndipo ndimaisungunula ndekha mu firiji usiku wonse itakhala m'mbale, osati pa tebulo kapena m'madzi otentha. Imatulutsa madzi ambiri, ndiye kupukuta kuja muchite kawiri. Mukaisungunula muiphike tsiku lomwelo, musaibwezerenso mu fiziza. Ndi yotsika mtengo ndipo sinandichititsepo manyazi.

Chinanso, popeza mwati kukubwera anzanu akuntchito ndi ana awo, atumizireni uthenga lero lomwe muwafunse ngati pali amene thupi lake limadana ndi mtedza, mustard kapena nsomba. Kuno ana ena mtedza umawatupitsa mpaka kubanika, ndipo kupala mtedza pamwamba sikuthandiza chifukwa mafuta ake alowa kale. Akapezeka wodana ndi mtedza kapena mustard, chidutswa chake chiphikireni pa thireyi yakeyake ndi ndimu, adyo ndi nyenyeswa za buledi basi, mpeni ndi supuni zakenso zapadera, ndipo chiphikeni choyamba mtedza musanaugwire n'komwe.