Kodi kupambana pa mpira kumagwirizanitsadi mtundu wogawikana?

Mwafunsa, akulu, ngati nzoona kuti timu ya dziko ikapambana anthu amene amadana chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena ndale amagwirizana, kapena ngati imeneyi ndi nkhambakamwa chabe ya olemba nkhani zamasewera. Ine ndikuti mgwirizanowo umakhalapodi ndipo suli wachiphamaso, koma sukhalitsa, ndipo zimene umabala zimadalira zomwe atsogoleri achita m'masiku ochepa amene mitima ya anthu idakali yofewa.

Dziko limene limaonetsa bwino zimenezi ndi Côte d'Ivoire. Nkhondo yapachiweniweni inabuka kumeneko mu Seputembala 2002, ndipo dzikolo linagawika pawiri: kumpoto kunali m'manja mwa oukira boma amene likulu lawo linali mzinda wa Bouaké, pamene kummwera kunatsala m'manja mwa boma la Laurent Gbagbo. Pa 8 Okutobala 2005 timu ya dzikolo inagonjetsa Sudan 3-1 koyenda. Kupambana kokhako sikunali kokwanira, chifukwa zonse zinkadalira masewero a Cameroon ndi Egypt ku Yaoundé, komwe Pierre Womé wa Cameroon anaphonya penate kumapeto kwenikweni, matimuwo n'kufanana mphamvu 1-1. Motero Côte d'Ivoire inadzigulira malo ku mpikisano wa chikho cha dziko lonse kwa nthawi yoyamba. M'chipinda chovalira, kamera ya wailesi yakanema ikujambula, Didier Drogba anatenga maikolofoni ndi kulankhula kwa anthu akwawo, kenako osewera onse anagwada pansi n'kupempha mbali zonse ziwiri kuti zitule zida pansi ndi kuchititsa chisankho.

Chimene chinapatsa mphamvu pempho limeneli si mawu okha, koma anthu amene anagwadawo. Drogba ndi mkhristu wa kummwera, pamene Kolo Touré ndi mng'ono wake Yaya ndi asilamu obadwira ku Bouaké komweko. Munthu amene kwa zaka zitatu ankauzidwa kuti wa kumpoto si mbadwa yeniyeni ya dzikolo anali atangotha masewero ambiri akupemphera kuti wa kumpoto yemweyo atchinge mpira kumbuyo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Dziko ndi chinthu chimene munthu sachiona ndi maso, amangochimva m'nyimbo ya fuko ndi m'zolankhula za andale, koma pabwalo la mpira chimaoneka: ndi anthu khumi ndi mmodzi ovala malaya ofanana, ndipo mpira ukachoka paphazi la wa mtundu uwu kupita kwa wa mtundu uwo palibe amene amafunsa kwawo kwa wopatsirayo. Aliyense amene anaonerapo mpira pagulu akudziwa zimene zimachitika chigoli chikalowa, kuti umapezeka wakumbatira munthu amene sukumudziwa n'komwe, mipando itagwa, ndipo pambuyo pake mumayang'anana mwamanyazi n'kuseka. Pa mphindi imeneyo palibe amene wakumbukira kuti mnzakeyo anavotera ndani.

Mu Juni 2007 masewero a Côte d'Ivoire ndi Madagascar anachitikira ku Bouaké, Drogba atapempha kuti atero, ndipo eni bwalo anapambana 5-0, asilikali a boma ndi a oukira ali m'bwalo limodzi. Anthu ambiri amafotokoza nkhaniyi ngati kuti Drogba ndiye anathetsa nkhondo, koma ndondomeko ya masiku ikukana. Pangano la mtendere linali litasainidwa kale ku Ouagadougou mu Malichi chaka chomwecho, ndipo mtsogoleri wa oukira, Guillaume Soro, anali atakhala kale nduna yaikulu. Mpira unathandiza anthu wamba kukhulupirira kuti panganolo ndi lotheka, zomwe si zazing'ono, koma sunalembe panganolo. Ndipo chisankho chimene osewera anagwadira chija chitachitika mu 2010, mkangano wa zotsatira zake unadzetsanso nkhondo imene inapha anthu pafupifupi 3,000.

Ku Iraq zinthu zinali zowawa koposa. Mu Julayi 2007, pamene kuphana pakati pa Asuni ndi Ashia, magulu awiri a asilamu, kunali pachimake, timu yokhala ndi osewera ochokera m'magulu onse awiriwa pamodzi ndi Akurdi inatenga chikho cha Asia itagonjetsa Saudi Arabia 1-0 ku Jakarta, ndipo chigolicho anamwetsa ndi mutu kaputeni Younis Mahmoud. Masiku ochepa izi zisanachitike, anthu atatuluka m'misewu ya Baghdad kukondwerera kupambana pa ndime yachiwiri kwa yomaliza, mabomba anaphulika n'kupha anthu pafupifupi 50. Komabe tsiku la chikho anthu anatulukanso. Sindikhulupirira kuti munthu angaike moyo wake pachiswe chotero chifukwa cha chigoli chokha, koma kuti ankafuna kuonetsa, ngakhale kwa usiku umodzi, kuti akadali anthu a dziko limodzi.

Pali akatswiri a zachuma atatu, Emilio Depetris-Chauvin, Ruben Durante ndi Filipe Campante, amene anayesa kupima zimenezi pogwiritsa ntchito kafukufuku wa Afrobarometer, bungwe lofunsa maganizo a anthu m'maiko a mu Africa, ndipo zotsatira zawo zinasindikizidwa mu 2020. Anapeza kuti anthu ofunsidwa patangopita masiku ochepa timu ya dziko lawo itapambana sankadzitchula kwambiri ndi mtundu wawo poyamba, ndipo ankakhulupirira kwambiri anthu a mitundu ina poyerekeza ndi amene anafunsidwa masewero asanachitike. Anapezanso kuti maiko amene anapulumukira mkamwa mwa mbuzi n'kufika ku mpikisano wa chikho cha Africa ankaona ziwawa zikuchepa m'miyezi yotsatira poyerekeza ndi amene anatsala pang'onong'ono kufikako. Miyezi, osati zaka, ndipo mawu amenewa ndi ofunika kuwasunga.

France inaphunzira zimenezi mowawa. Mu 1998 itagonjetsa Brazil 3-0, Zinedine Zidane, mwana wa makolo ochokera ku Algeria, atamwetsa zigoli ziwiri ndi mutu, anthu anayamba kunena kuti tsankho latha m'dzikomo. Patangotha zaka zinayi wandale Jean-Marie Le Pen, amene anadzudzulapo timu ya dzikolo kuti ili ndi alendo ambiri, anafika m'ndime yachiwiri ya chisankho cha pulezidenti, ndipo mu 2005 achinyamata a m'madera osauka ozungulira Paris anachita zipolowe kwa milungu ingapo. Chikho sichinapatse munthu ntchito, ndiponso sichinasinthe mmene apolisi ankaonera mnyamata wakuda kapena wachiarabu. Tisaiwalenso kuti olamulira ankhanza amaudziwa bwino mwayi umenewu: Argentina inatenga chikho cha dziko lonse mu 1978 pansi pa ulamuliro wa asilikali, anthu akuzunzidwa m'ndende yomwe inali pafupi ndithu ndi bwalo la ndime yomaliza.

Amene anaugwiritsa ntchito bwino mwayiwu, m'kuona kwanga, ndi Nelson Mandela. Mu 1996 South Africa itagonjetsa Tunisia 2-0 ku Johannesburg n'kutenga chikho cha Africa, iye anaima pambali pa kaputeni wachizungu Neil Tovey atavala malaya a timuyo, koma panthawi yomweyo bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu linali likukonzekera kuyamba kumva maumboni, ndipo malamulo atsopano oyendetsera dziko anali akulembedwa. Chisangalalo cha pabwalo chinali ndi pokafikira.

Za Côte d'Ivoire ndiwonjezere chimodzi. Mu Febuluwale 2024, pa mpikisano wa chikho cha Africa umene dzikolo linachititsa, timuyo inabwereranso ku Bouaké n'kugonjetsa Mali 2-1 ndi chigoli cha kumapeto kwa nthawi yowonjezera, isanakatenge chikho ku Abidjan pogonjetsa Nigeria. Bwalo la ku Bouaké limatchedwa Stade de la Paix, kutanthauza bwalo la mtendere, ndipo ena mwa achinyamata amene anadzadza mmenemo tsiku limenelo anali asanabadwe pamene Drogba ndi anzake ankagwada ku Sudan.