Mafunso Anu: Mowa ndi Chakudya M'mabwalo a Mpira ku Britain

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonda kuonera ligi ya ku England pa kanema, ndipo nthawi zina ndimaoneranso ya ku Germany. Masapota a ku Germany amakhala atagwira makapu a mowa masewero ali mkati, koma ku England sindinaonepo munthu ali ndi mowa pampando wake, chikhalirecho timamva kuti Angelezi pa nkhani ya mowa sagona. Kodi chimawaletsa n'chiyani? Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Maso anu sanakunamizeni, achimwene. Chimawaletsa ndi lamulo la m'chaka cha 1985, lotchedwa Sporting Events Act, lomwe limagwira ntchito ku England ndi ku Wales. Lamuloli limaletsa munthu kumwa mowa pamalo alionse pomwe akutha kuona osewera, ndipo limakhudza maligi asanu apamwamba a mpira wa abambo, kuyambira Premier League kutsika mpaka National League. Mowawo umagulitsidwa ndithu m'bwalomo, koma m'makonde a kuseri kwa mipando, komwe makamera safikako kawirikawiri. Ndi mlandu kulowa m'bwalo utaledzera, ndiponso ndi mlandu kunyamula mowa m'basi yomwe yabwerekedwa kuti ipititse masapota ku mpira.

Lamuloli linabadwa m'chaka chamaliro. M'mwezi wa March 1985 kunabuka chipolowe chachikulu pa masewero a Luton Town ndi Millwall. Pa 11 May khoma linagwera mnyamata wa zaka 15 pa ndewu ya masapota a Birmingham City ndi Leeds United, iye n'kumwalira, ndipo pa 29 May anthu 39 anafa pa bwalo la Heysel ku Brussels, Liverpool isanayambe kusewera ndi Juventus. Boma la nduna yaikulu Margaret Thatcher linkaona masapota a mpira ngati gulu la anthu osamvera, choncho lamulo linadutsa mofulumira kwambiri m'Nyumba ya Malamulo. Ku Scotland anali atayamba kale, mu 1980, masapota a Celtic ndi Rangers atamenyana pakati pa bwalo la Hampden Park ndime yomaliza ya chikho itatha, ndipo lamulo la kumeneko n'lokhwima kuposa la ku England, chifukwa linachotseratu mowa m'malo a anthu wamba n'kuusiya m'zipinda za alendo olemekezeka zokha.

Nkhani yoti mpira ndi kuledzera zimayendera limodzi imawapweteka kwambiri masapota ambiri a ku England, ndipo pali chifukwa chake. Ngozi ya kupanikizana kwa anthu pa bwalo la Hillsborough mu April 1989, yomwe inatengetsa miyoyo ya anthu 97, apolisi ena ndi nyuzipepala zina anaikankhira pa masapota a Liverpool ponena kuti anali ataledzera. Zinatenga mpaka chaka cha 2016 kuti kafukufuku wa bwalo la milandu agamule kuti anthuwo anaphedwa mosatsata lamulo ndiponso kuti khalidwe la masapota silinachititse ngoziyo.

Masiku ano madandaulo a masapota ndi awiri. Loyamba n'lakuti lamuloli n'latsankho, popeza woonera rugby kapena cricket amamwa mowa wake ali phee pampando, nthawi zina m'bwalo lomwelo limene dzulo lake woonera mpira wamiyendo analetsedwa. Lachiwiri, lomwe ine ndimaliona kuti n'lamphamvu kuposa loyamba, n'lakuti lamuloli limalimbikitsa kumwa kothamanga: munthu amadzimangirira mowa m'mabala a m'tauni asanalowe, kenako pa mphindi 15 zopumulira amagugudiza wina msangamsanga kuti masewero asayambe iye ali kuseri. Mu 2021 phungu Tracey Crouch anatsogolera kafukufuku womva maganizo a masapota, ndipo lipoti lake linalimbikitsa kuti ayesere kulola mowa pamipando m'maligi a League Two (ligi yachinayi) ndi National League. Iye anapereka chitsanzo cha timu yaing'ono ya Dulwich Hamlet ya ku London, yomwe inanena kuti kukwera kupita mu National League kungaiphere ndalama zambiri zomwe imapeza pogulitsa mowa masewero ali mkati. Akuluakulu a polisi anakana, ndipo anali ndi poloza chala, chifukwa m'chaka chomwecho anthu oledzera komanso opanda matikiti anathyola zipata ku Wembley pa ndime yomaliza ya chikho cha Euro. Kumene zinthu zasunthako ndi ku mpira wa amayi, komwe kumayambiriro kwa 2025 matimu a Birmingham City, Bristol City, Newcastle United ndi Southampton anayamba kuyesera kulola anthu kumwa akuonera.

FUNSO: Akonzi, ndikugwira ntchito kuno ku England ndipo anzanga a kuntchito ananditengera ku mpira. Chinandidabwitsa n'chakuti iwo anakana mowa wa m'bwalo ponena kuti ndi wachabechabe, m'malo mwake tinayenda mtunda ndithu kukafuna bala yogulitsa mowa womwe amautcha real ale. Atandigulira ndinapeza kuti si wozizira kwenikweni ndipo ulibe mpweya wothethetsa pakhosi ngati Carlsberg wa kwathu. Kodi anandipatsa wowonongeka? Nanga ngati amaukonda chotere, bwanji matimu saugulitsa? Bambo wochokera ku Dedza, okhala ku Leeds.

YANKHO: Bambo, n'kutheka kwambiri kuti mowawo unali bwinobwino, ndipo munaumwa monga mmene eni ake amaufunira. Mowa womwe tinazolowera m'mabotolo, komanso wambiri wa pampope m'mabala akuluakulu, umasefedwa ku fakitale, kawirikawiri umatenthetsedwa kuti yisiti yense afe, kenako amaupopera mpweya ndi kuutsekera m'migolo yachitsulo momwe ungathe kukhala masabata ambiri osasintha. Real ale sachita naye choncho. Amamuthira mu mgolo yisiti akadali wamoyo, ndipo amapitiriza kuwira pang'onopang'ono m'chipinda chapansi pa bala, moti kampweya kochepa komwe munakamvako n'kochokera m'kuwirako. Inu a ku Dedza simungavutike kumvetsa, chifukwa masese nawonso amapitiriza kuwira ali m'mbiya kapena m'paketi, ndipo wa lero sakoma chimodzimodzi ndi wa mkuja. Amausunga pa madigiri 11 mpaka 13, osati kuuziziritsa ngati wa m'firiji, pofuna kuti kukoma kwa chimera cha barele ndi kuwawa kwa hops (maluwa a chomera china omwe amathira pofulula) kumveke pa lilime. Wogulitsa amaukoka ndi pampu yamanja, ija ya chigwiriro chachitali yomwe munaona akuikoka kangapo kuti tambula idzaze.

Anzanuwo ali m'gulu la anthu omwe mowa umenewu amauona ngati chuma cha makolo. Mu 1971 anthu anayi anayambitsa bungwe la CAMRA pokwiya ndi makampani akuluakulu omwe ankachotsa mowa wa mtundu umenewu m'mabala n'kumaikamo wopopera mpweya, ndipo bungweli limatulutsa chaka chilichonse buku lolozera mabala omwe amausamala bwino. Masapota ambiri oyenda ndi timu yawo m'mizinda ina amayamba afufuza bala yotere asanagule n'komwe tikiti ya sitima.

Tsono chifukwa chomwe mabwalo akuluakulu sakonda kuugulitsa chili m'kapangidwe kake komweko. Mgolo wamba umalowa malita pafupifupi 41, omwe amadzaza matambula 72 a muyeso wa pint. Ukafika pa bala uyenera kugonekedwa tsiku limodzi kapena awiri osagwedezedwa kuti nsenga zikhale pansi, wina wodziwa ntchito ayenera kuuboola ndi kuuyang'anira, ndipo ukangotsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi, kupanda kutero umasasa. Bala ya m'tauni imatsegula tsiku lililonse, koma timu ya mu Premier League imasewera pakhomo masewero 19 okha a ligi pa chaka, pafupifupi kamodzi pa masabata awiri, choncho wotsala Loweruka ndi wotaya. Onjezeranipo kuti anthu zikwizikwi amafuna kugula pa mphindi 15 zomwezo, ogulitsa ambiri ndi achinyamata olembedwa ganyu ya tsiku limodzi, ndipo pampu yamanja siithamangitsika. Pamwamba pa zonsezi pali migwirizano ya ndalama zambiri yomwe matimu amasainirana ndi makampani akuluakulu ofulula mowa, yopatsa kampani imodzi ufulu wogulitsa zakumwa zake m'bwalo lonse, moti wofulula wamng'ono wa m'tauni yomweyo sapeza polowera.

Bwalo latsopano la Tottenham Hotspur, lomwe linatsegulidwa mu 2019, likuonetsa mbali yomwe matimu olemera akulowera. Lili ndi bala yotalika mamita 65, makapu ake amadzazidwa kuchokera pansi m'masekondi ochepa, ndipo mkati mwa bwalomo muli kafakitale ka mowa ka kampani ya Beavertown. Ambiri amayamikira kuti mowa wake ndi wokoma kuposa wa m'mabwalo ena, koma okonda real ale amakumbutsa kuti ndi wopopera mpweya basi, ndiponso kuti Beavertown tsopano ili m'manja mwa Heineken. Kale masapota ankatamanda bwalo la Griffin Park la timu ya Brentford chifukwa linali ndi bala pa ngodya zake zonse zinayi, koma timuyo inasamukako mu 2020.

Ngati mukufuna kuumwa mukuonera mpira, tsikani ku matimu ang'onoang'ono a m'maligi omwe lamulo la 1985 siliwakhudza. Ku Lewes, mwachitsanzo, timu ndi ya masapota eni ake, ndipo pa bwalo lawo la Dripping Pan munthu amaima m'mbali mwa bwalo atagwira tambula ya mowa wa Harvey's, wofululidwa m'tauni momwemo. Matimu oterewa amatha chifukwa nyumba zawo zochezera zimatsegulidwanso masiku ena a sabata, ndipo khamu lawo ndi laling'ono. Chenjezo langa n'lakuti mowa umenewu, chifukwa chosathethetsa, umatsika mosavuta, ndiye musamauyese madzi.

FUNSO: Mwana wanga akufuna ndikamuperekeze ku masewero a timu yomwe amaikonda. Ine sindimwa mowa, nkhawa yanga ndi chakudya. Kodi m'mabwalo amenewa mumapezeka chiyani, ndipo n'zoona kuti n'chodula kwambiri? Mayi wa ku Manchester.

YANKHO: Mayi, konzekani kukumana ndi pie, yemwe ndi mfumu ya chakudya cha ku mpira m'dziko limenelo. Ndi kabuledi kophika mu uvuni kokhala ndi nyama, mbatata kapena nkhuku mkati, ndipo mnzake wakalekale ndi Bovril, chakumwa chotentha chokoma ngati msuzi wa nyama ya ng'ombe, chomwe anthu amachikonda m'miyezi yozizira. Mupezanso chipisi, masoseji, mabaga, tiyi ndi khofi.

Zoti n'chodula n'zoona m'mabwalo akuluakulu, ndipo ndilo dandaulo lomwe masapota sasiya kulitchula. Matimu ambiri sakonza okha chakudya koma amapereka ntchitoyo ku makampani monga Levy, Sodexo ndi Delaware North, ndipo popeza munthu akalowa m'bwalo saloledwa kutuluka n'kubwereranso, wogulitsayo alibe wopikisana naye. Masapota amati amalipira mtengo wa ku lesitilanti pa chakudya chongotenthetsa, ataima pa mzere mpaka chigawo chachiwiri kuyamba iwo akadali komweko. Tsamba la Footy Scran pa intaneti linatchuka chifukwa chongoika zithunzi za chakudya cha m'mabwalo pamodzi ndi mtengo wake kuti anthu aweruze, ndipo kawirikawiri omwe amatamandidwa ndi matimu ang'onoang'ono. Ma pie a timu ya Morecambe anapambanapo mphoto pa mpikisano wa British Pie Awards, pomwe Kilmarnock ya ku Scotland imadziwika ndi pie wake mwina kuposa zikho zake.

Chakudya chimaonetsanso kusiyana kwa anthu m'bwalomo. Mu 2000 Roy Keane, yemwe anali kaputeni wa Manchester United, anadzudzula anthu a m'zipinda za olemekezeka kuti amangodya masangweji a tinkhanu ta m'nyanja osadziwa zomwe zikuchitika m'bwalo, ndipo mpaka lero masapota wamba amagwiritsa ntchito mawu amenewo ponyoza olemera omwe amabwera ku mpira kudzadya. Mbali ina kuli Forest Green Rovers ya ku Nailsworth, yomwe mwini wake Dale Vince anachotsa nyama, mazira ndi mkaka pa chakudya chonse cha pabwalo lawo pofika mu 2015. Ena anang'ung'udza poyamba, koma timuyo inadziwika dziko lonse chifukwa cha zimenezo.

Inu mukamapita, idyani bwino kunyumba kapena gulani kwa ogulitsa a m'misewu yozungulira bwalo, komwe mtengo umakhala wotsikirapo. Werengani malamulo a bwalolo pa intaneti tsiku lisanafike, chifukwa ambiri salola zikwama zikuluzikulu, zitini ndi mabotolo agalasi, ndipo m'mabwalo ena mukagula botolo la madzi kapena la zoziziritsa kukhosi amakuchotserani chotsekera kuti lisaponyedwe lili lodzaza. Tengani khadi la ku banki, popeza mabwalo ambiri akuluakulu anasiya kulandira ndalama zapamanja. Pogula matikiti funsani mipando ya mbali ya mabanja, komwe chilankhulo chimakhala chofatsirapo kwa mwana, ndipo ngati afuna pie wake, mukamugulire masewero asanayambe osati pa nthawi yopumulira.