Achimwene, musawataye onse mafilimu ankhondo a ndalama zochepa

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalemba zija. Mwati mafilimu ankhondo otchuka munawamaliza kale, ndiye mwayamba kutola ena a mayina osadziwika, opangidwa ndi timakampani ting'onoting'ono. Mwatinso sabata yatha bandulo yanu inathera pa filimu ina yomwe pachikuto panadzaza ndege ndi akasinja, koma m'kati munali anthu 8 okha akuthamangitsana m'nkhalango imodzimodzi kwa ola ndi theka. Ndiye mukufunsa ngati mafilimu oterewa ali ndi phindu kapena mungowaleka. Ine ndikuti musawaleke. Mafilimu ankhondo amene anandisowetsa tulo, ambiri anapangidwa ndi anthu a m'thumba mopepuka. Chofunika n'kudziwa kasankhidwe, pakuti oipa ndi ochuluka kuposa abwino.

Nkhondo ya m'filimu imadya ndalama koopsa. Saving Private Ryan ya mu 1998 inatenga madola pafupifupi 70 miliyoni, ndipo gawo loyambirira lokha lija, pomwe asilikali akutsika m'maboti pagombe, linadya madola oposa 10 miliyoni. Analijambulira ku Ireland ndi anthu mazanamazana ovala yunifolomu. Tsono tayerekezani ndi Saints and Soldiers ya mu 2003, yomwe yonse yathunthu sinakwane ngakhale madola 1 miliyoni. Munthu wa ndalama ngati zimenezo sangagule gombe, maboti ndi chikhamu cha anthu. Ena amakakamirabe kuonetsa nkhondo yaikulu ndi timakobidi tawoto, ndipo ndi amene anakupsetsani mtima aja. Ena amavomereza msinkhu wa thumba lawo n'kusankha nkhani ya anthu ochepa, pamalo amodzi, tsiku limodzi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo gulu lachiwirili nyimboyo limaidziwa.

Muyambe ndi Kajaki, filimu ya ku Britain ya mu 2014, yotsogoleredwa ndi Paul Katis. Ku America anaitcha Kilo Two Bravo, choncho mukailephera pa dzina limodzi yesani linalo. Ndi nkhani yoona ya pa 6 September 2006, pafupi ndi damu la Kajaki m'chigawo cha Helmand ku Afghanistan. Kagulu ka asilikali a Britain kanatsika paphiri kudutsa mumtsinje wouma, osadziwa kuti mumchengamo munali mabomba okwirira amene anatsala pa nkhondo ya Soviet Union ya m'ma 1980. Mmodzi anaponda bomba mwendo n'kuduka. Anzake atabwera kudzamupulumutsa, nawo anayamba kuponda. Helikoputala yoyamba kufika inalibe chingwe chokokera anthu m'mwamba, ndipo anadikira maola angapo padzuwa mpaka zinafika za asilikali a America zomwe zinali nacho. Mmodzi wa asilikaliwo, Kopolo Mark Wright, anamwalira, ndipo pambuyo pake anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima yotchedwa George Cross.

M'filimu yonseyi mulibe kuwomberana ndi mdani maso ndi maso. Mulibenso nyimbo zokuuzani kuti apa chitani mantha, apa lirani. Mumangomva mpweya wa anthu, ntchentche, wailesi yomwe ikudukaduka, ndi nthabwala zaukali zomwe anyamatawo akuponyerana kuti wovulala asagone tulo tosadzukanso. Pali pena pomwe wachipatala akufuna kufikira mnzake amene wagona mamita ochepa chabe, ndiye akuponya chikwama chake patsogolo n'kudumphira pomwe chagwerapo, kenako n'kuponyanso. Ine pamenepo ndinapeza kuti ndanyamula miyendo yanga pansi n'kuikweza pampando. Anaijambulira ku Jordan, ndipo gawo lina la ndalama anachita kusonkha anthu wamba. Akanakhala ndi mamiliyoni ambiri, ndikukhulupirira kuti wina akanawakakamiza kuikamo nkhondo yowomberana chakumapeto, filimu n'kuonongeka. Chenjezo langa ndi lakuti mabala amaoneka poyera, kutukwana n'kochuluka, ndipo Chingerezi chake ndi cha kumpoto kwa England ndi Scotland, chothamanga. Pezani yokhala ndi mawu olembedwa m'munsi, ndipo ana akhale atagona.

Ina ya mtundu womwewo ndi Lebanon ya mu 2009. Mwini wake, Samuel Maoz, anali wowombera mzinga m'kasinja pomwe dziko la Israel linalowa mu Lebanon mu 1982. Kamera imakhala m'kati mwa kasinja pamodzi ndi anyamata anayi pafupifupi filimu yonse, ndipo zakunja mumaziona kudzera pa kagalasi koyang'anira powombera. Mafuta akudontha m'makoma, pansi pali chithaphwi, injini ikubuula. Filimuyi inapambana mphoto yaikulu ya Golden Lion pa mpikisano wa mafilimu wa ku Venice chaka chomwecho.

Koma pa filimu yomweyi ndi pomwe mungaonenso chofooka chachikulu cha mafilimu abwino a ndalama zochepa. Nkhani ikapanikizidwa m'kasinja mmodzi kapena mumtsinje umodzi, mumamva mantha a anthu anayi kapena khumi, koma simudziwa chomwe chinayambitsa nkhondoyo, ndiponso eni dziko amangodutsa ngati zithunzithunzi. Anthu wamba a ku Lebanon mumawaona pa kagalasi kaja basi, akulira kapena akufa, opanda mayina. Mu Kajaki anthu a ku Afghanistan ali kutali, pafupifupi kulibe. Choncho ngati cholinga chanu n'kumvetsa mbiri ya nkhondo, mafilimuwa sakukwanirani. Amakuonetsani mmene tsiku limodzi linawawira kwa amene analipo mbali imodzi. Zinazo muyenera kuwerenga panokha.

Tsono ndifike pa yomwe ili pamtima panga. Comboio de Sal e Açúcar, kutanthauza sitima ya mchere ndi shuga, ndi filimu ya ku Mozambique ya mu 2016. Anaipanga ndi Licínio Azevedo, wobadwira ku Brazil koma wokhala ku Mozambique kuyambira m'ma 1970, ndipo inachokera m'buku lake lomwe. Nkhani yake ikuchitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili m'kati. Sitima ikunyamuka ku Nampula kulowera kuno ku Malawi, itanyamula anthu wamba, makamaka amayi, omwe atenga matumba a mchere kuti akasinthanitse ndi shuga, poti kwawoko shuga anali atasowa. Sitimayo ikuyenda pang'onopang'ono, kuima kawirikawiri kuti akonze njanji yomwe yazulidwa, ndipo asilikali oiperekeza ena akuteteza anthu pomwe ena akuwazunza, makamaka akazi.

Ine ndinakulira ku Machinga, kufupi ndi njanji yopita ku Nayuchi. Ndili mwana ndinkaona anthu othawa nkhondo, ndipo ena tinkaphunzira nawo. Nthawi imeneyo Malawi inasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, mpaka mgwirizano wa mtendere womwe unasainidwa ku Rome mu October 1992. Asilikali athunso anapita kukalondera njanji ya Nacala. Komabe zomwe zinkachitika m'sitimamo tsidya linalo sindinkazidziwa, ndinkangomva akuluakulu akunong'ona. Nditaonera filimuyi ndinakhala chete nthawi yaitali. Palibe kampani yaikulu ya ku America yomwe ikanaika mamiliyoni pa nkhani ya amayi osinthanitsa mchere ndi shuga. Apa ndi pomwe pali mphamvu ina ya mafilimu ang'onoang'ono: amanyamula nkhondo zomwe ena anaziiwala kapena sanazimvepo n'komwe. Sikuti ilibe zolakwika. Pomwe zigawenga zikuukira sitima pamaoneka kuti ndalama zinaperewera, ndipo chikondi cha namwino ndi msilikali wamkulu chimayenda njira yomwe mungailosere msanga. Koma nkhope za anthu, zitenje, mitolo, ludzu, zonsezo n'zathu ndithu. Ili m'Chipwitikizi, choncho nayonso ifuna mawu olembedwa m'munsi.

Abale athu a ku Zimbabwe mwina akuidziwa Flame ya mu 1996, ya Ingrid Sinclair, yonena za atsikana awiri omwe analowa nkhondo yomenyera ufulu. Inaonetsa msilikali wamkazi akugwiriridwa ndi mkulu wa gulu lake lankhondo, ndipo apolisi analanda filimuyo isanamalizidwe, n'kudzaibweza pambuyo pake. Kulimba mtima kotero kumapezeka kawirikawiri kwa anthu omwe sanabwereke ndege kapena akasinja kwa gulu lankhondo la boma lililonse. Wobwereka zida za boma amayamba waonetsa nkhani yake kwa eni zidawo.

Za Saints and Soldiers ndinene mwachidule. Ikuyambira pa kuphedwa kwa akaidi ankhondo a ku America ku Malmedy, ku Belgium, mu December 1944, kenako ikutsata anthu ochepa omwe apulumuka akuyenda m'chipale chofewa kumbuyo kwa adani. Anaijambulira ku Utah. Imeneyi ndi yofatsa, ili ndi nkhani ya chikhulupiriro m'kati, ndipo mukhoza kuonera ndi achinyamata a kunyumba. Pena imatsekemera mopitirira, koma ndi yopangidwa mwaluso. Anapulumutsa ndalama pogwiritsa ntchito anthu aja omwe chizolowezi chawo n'kusonkhanitsa yunifolomu ndi zida zakale n'kumasewera nkhondo zakale kumapeto kwa sabata. Anthu amenewa amabwera ndi zovala zawo, ena ndi galimoto zomwe, ndipo batani lililonse limakhala pamalo pake. Vuto limabwera m'mafilimu ena omwe amawadalira kwambiri: mumaona msilikali wa zaka 50, wamimba, yunifolomu yositidwa bwino, pomwe ambiri omwe anamenya nkhondo yeniyeni anali anyamata achichepere, owonda, amatope, osagona masiku angapo.

Nanga oipawo muwadziwe bwanji bandulo isanapite? Chikuto musachikhulupirire, ndi chikomekome cha mkuyu. Wojambula chikuto akhoza kuikapo ndege 50 pakompyuta usiku umodzi, m'filimumo mulibe ndi imodzi yomwe. Samalaninso ndi mayina ofanana ndi a filimu yotchuka. Mu 2017, pomwe Dunkirk inkatuluka, kunatulukanso ina yotchedwa Operation Dunkirk, ndipo mu 2014 pambali pa Fury panali Ardennes Fury. Dzina lotere limasankhidwa dala kuti munthu wothamanga atole molakwika, makamaka pamalo aja timakopetsa mafilimu pa fulashi, pomwe timangowerenga mayina pakompyuta.

Chomwe ine ndimachita n'kuwerenga kaye chidule cha nkhani, n'kudzifunsa kuti nkhaniyi ikufuna anthu angati ndi malo angati. Ikati asilikali asanu atsekerezedwa m'nyumba, m'dzenje kapena pamlatho, ndimakhala ndi chiyembekezo. Ikati ionetsa nkhondo yonse ya Stalingrad kapena ya Normandy, koma osewera ake ndi kampani yake simunawamvepo, dziwani kuti mukaona anthu 20 omwewo akufa kawiri kawiri, atangosintha zisoti. Kenako ndimaonera kachidutswa kotsatsira kaja pa YouTube, pakuti sikadya data yambiri. Yang'anani mfuti ikamalira. Ngati moto ukutuluka kukamwa kwake koma phewa la munthu silikugwedezeka, makoko a zipolopolo sakugwa pansi, utsi palibe, ndiye kuti motowo anauika pakompyuta. Amatero chifukwa zipolopolo zopanda mutu zimafuna katswiri wa zida wokhala ndi chilolezo, inshuwalansi ndi nthawi, zonsezo ndi ndalama. Chimodzimodzi bomba lomwe likuphulika koma fumbi silikugwera anthu omwe ali pafupi, kapena ndege yodutsa yopanda mthunzi. Tcheraninso khutu. Mawu a anthu akamamveka ngati akulankhulira m'chipinda chopanda katundu pomwe ali m'tchire, filimu yonse ikhala yotopetsa, chifukwa maso amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma khutu silipirira.

Zonsezi ine ndikhoza kukhululuka ngati nkhani yalembedwa bwino. Chomwe sindikhululuka ndi zolankhula zozizira, popeza cholembera ndi pepala sizidula. Msilikali akangotulutsa chithunzi cha chibwenzi chake n'kunena kuti nkhondo ikatha akakwatira, mumadziwiratu kuti safika mawa. Sajeni wolusa koma wamtima wabwino, mnyamata wamantha amene adzakhale ngwazi chakumapeto, mdani amene amangotulukira poyera kuti awomberedwe, onsewa ndi anthu okopera m'mafilimu ena. Wolemba wotere sanakhalepo pansi ndi munthu amene anapita kunkhondo. Maoz analimo yekha m'kasinja muja. Opanga Kajaki anacheza ndi asilikali omwe anapulumuka. Azevedo anayendamo m'dera la njanji ija n'kumva kwa anthu ake. Mukamasankha, fufuzani ngati nkhaniyo inachokera kwa amene anaiona, kapena kwa amene anangoonera mafilimu ambiri ngati ife.

Kunena za mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja, omwe womasulira amalankhula pamwamba pa mawu a osewera: pa filimu yowomberana amasangalatsa, koma pa Kajaki kapena Lebanon musayese. Mphamvu yawo ili pa kukhala chete, ndipo munthu akamalankhula mosalekeza pamwamba pake, palibe chotsala.

Ngati bandulo ikulolani imodzi yokha mwezi uno, tengani Kajaki. Mwezi wamawa musake ya sitima ija. Imavuta kupeza kusiyana ndi zinazi, ndipo pena imalembedwa ndi dzina la Chingerezi lakuti The Train of Salt and Sugar. Mukaipeza, ndipo ngati kwanu kuli wamkulu amene anakhalapo ku Machinga, Ntcheu, Dedza, Mwanza kapena Nsanje zaka zimenezo, muitaneni muonere limodzi. Ine ndinaonera ndi amalume anga, ndipo sitima itaima koyamba pomwe njanji inazulidwa, anayamba kundiuza mayina a anthu omwe ankabwera ndi mchere pakhomo pathu.