Akuti inshuwalansi ya malemu inafa, koma ankadulidwa ndalama mwezi uliwonse

Mayi wina wandilembera pa imelo. Amuna awo anamwalira, ndipo atapita kukampani ya inshuwalansi ya moyo anauzidwa pakamwa kuti palibe cholandira chifukwa ndalama zinasiya kulowa miyezi ingapo imfa isanachitike. Chikhalirecho mapepala a malipiro akuonetsa kuti kuntchito ankawadula mwezi ndi mwezi. Akufunsa kuti alowere kuti.

Pepani ndi zovutazi, mayi. Musavomere kukanidwa pakamwa. Bwererani mukapemphe kalata yonena chifukwa chimene akukanira komanso ndime ya mgwirizano imene atsamirapo. Pemphaninso ndondomeko ya ndalama zonse zimene zinalowa, mwezi ndi mwezi. Kalaliki wa pakauntala akhoza kulankhula chilichonse, koma munthu akamasaina kalata amayamba waganiza kawiri.

Mapepala a malipirowo ndiwo mboni yanu, muwasunge ngati maso. Osasiya enieniwo ku ofesi iliyonse, perekani mafotokope. Mukaika ndondomeko ya kampani pambali pa mapepalawo mudzaona mwezi umene ndalama inayamba kusochera. Kawirikawiri vuto limakhala kuntchito: amadula koma osatumiza, kapena kutumiza mochedwa. Lemberani abwana a malemu kuti akuonetseni umboni wakuti anatumiza. Ngati sanatumize, ali ndi mlandu woti ayankhe, ndipo nayo kampani ya inshuwalansi ifotokoze ngati inawachenjeza amuna anu. Werengani bwino mgwirizanowo, chifukwa migwirizano yambiri imapereka masiku oonjezera olipira, nthawi zambiri 30, isanatengedwe kuti yafa. Ina, makamaka yosungirako ndalama imene yalipiridwa zaka zingapo, imakhalabe ndi kangachepe ngakhale munthu atasiya kulipira. Zimenezi si onse amene amakuuzani musanafunse.

Kampani ikakanabe, kapena ikangokhala chete, pitani ku Reserve Bank of Malawi. Ambiri amaidziwa pa nkhani ya kwacha basi, koma pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa bankiyi ndiyenso woyang'anira makampani a inshuwalansi, ndipo amalandira madandaulo a anthu wamba. Likulu lili ku Lilongwe, nthambi zili ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kukampaniko, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kalata. Tengani kalatayo, mgwirizano, mapepala a malipiro, chiphaso chanu cha unzika ndi satifiketi ya imfa yochokera ku National Registration Bureau. Ena adzakuuzani za Ombudsman, koma kumeneko amasamala kwambiri zolakwa za maofesi a boma. Zikafika pofuna khoti, a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya.

Pali china chimene simunafunse. Lamulo la penshoni lomwe linabwera mu 2011 linalamula olemba ntchito kugulira antchito awo inshuwalansi ya moyo, yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Imeneyi ndi yosiyana ndi imene amuna anu ankalipira okha. Mukapita kuntchito kwawo, mukafunsenso za iyoyo pamodzi ndi penshoni, komanso maina amene malemu analembetsa kuti adzalandire.

Za mainawa ndinenepo pang'ono, poti ndalama zikangomveka fungo, achibale amene sanaoneke pa matenda amatulukira. Mlamu wanu akabwera ndi mawu okoma akuti “bweretsani mapepalawo ndikuyendetsereni”, muthokozeni, koma mapepala akhale ndi inu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 loona za chuma cha omwalira. Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda olonjeza kufulumizitsa zinthu mukawagawirako.

Ndipo a kampani ya inshuwalansi akakuitanani n'kukupatsani pepala loti musaine kuti mwalandira zochepa ndipo nkhani yatha, litengeni kunyumba, wina wodziwa malamulo aliwerenge kaye. Mukasaina, kudandaulanso kumavuta kwambiri.