Kodi kuponya zibakera m'malere kumalimbitsa mapewa?

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Popeza ndilibe ndalama zolipira ku jimu, ndinayamba kuponya zibakera m'malere m'mawa uliwonse monga amachitira ankhonya, nditanyamula chitsulo cha makilogalamu 3 kudzanja lililonse. Patha milungu itatu tsopano, koma phewa lakumanja layamba kundiwawa ndikamakweza mkono. Kodi masewerawa amalimbitsadi mapewa ndi chifuwa, kapena ndikungodzivulaza?
Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo, masewerawo ndi abwino, koma zitsulozo muzisiye lero lomwe. Chitsulo chimakokera dzanja pansi pamene chibakera chikulunjika kutsogolo, ndiye mukatambasula mkono mwaliwiro, kulemera konseko kumakathera pa timinofu tinayi tating'ono timene timagwira fupa la mkono kuti lisaguluke paphewa. N'kutheka kuti timinofu timeneti ndi timene tikukuwawani. Lipumitseni phewalo, ndipo ngati ululuwo upitirira milungu iwiri, kapena ukamakudzutsani usiku, kaonaneni ndi dokotala.

Chimene masewerawa amapereka kwenikweni ndi kupirira kwa mapewa, osati kutupa kwa minofu. Isaac Chilemba, wankhonya wa ku Blantyre uja, atamenyana ndi wankhonya mnzake Sergey Kovalev ku Russia mu 2016, anamaliza maraundi onse 12 a mphindi zitatuzitatu. Zimenezo ndi mphindi 36 manja ali m'mwamba, ndipo inu mukayesa mphindi ziwiri zokha popanda kuwatsitsa mudzamva mapewa akuyaka moto, ngakhale m'manja mulibe kanthu.

Phewa likachira, imani chonchi: phazi lamanzere patsogolo ngati mumalembera dzanja lamanja, mawondo opindika pang'ono, zibakera zili pafupi ndi masaya ndiponso chibwano chili chogwetsa. Ponyani chibakera chamanzere molunjika n'kuchibweza msanga pomwe chinachokera, kenako chakumanja, koma pochiponya chimenechi mutukule chidendene chakumbuyo ndi kupotoza chiuno, pakuti mphamvu ya nkhonya imachokera pansi n'kudutsa m'miyendo ndi m'chiuno, mkono umangoifikitsa. Ambiri amene ndimawaona akuchita masewerawa amaponya ndi mkono wokha ngati akuingitsa ntchentche, ndipo ndiwo amatopa msanga. Musawongole chigongono mpaka kumapeto, chifukwa m'malere mulibe choimitsa dzanja, ndiye chigongonocho chimalandira mphamvu yonse. Tulutsani mpweya pa chibakera chilichonse.

Yambani ndi maraundi atatu a mphindi imodzi, n'kumapuma mphindi imodzi pakati pake, masiku atatu pa mlungu, mutayamba mwazunguza mikono kuti thupi litenthe. Muziwonjezera nthawi pang'onopang'ono kufikira mphindi zitatu. Mukadzafuna cholemetsa, botolo la madzi la mamililita 500 ndi lokwanira, chifukwa limalemera theka la kilogalamu, ndipo nalonso muziponya modekha.

Za chifuwa, zibakera zokha sizingakufikitseni patali. Muwonjezere mapushapu masiku awiri pa mlungu, komanso masewera okoka, monga kulendewera pa chitsulo n'kumadzikweza, kuti msana usatsalire, makamaka inu amene mumakhala tsiku lonse mutaweramira kompyuta. Zitsulo zanu zija zidzagwira ntchito pamenepo: muziwerama n'kumazikokera m'chiuno mosathamanga, maulendo 12 mbali iliyonse.